Si Kashembe

Lachiwiri, msampha wachisanu, kufupi ndi waya wa nkhalango.
Nsalu yabuluu ikadali ndi mame.
Akashembe asanu ndi awiri, ndalemba.
Koma pansi pa botolo patsala kena,
kongafanana ndi njere ya chitowe,
kakuda bii ngati mwaye wa ku denga.

Fomu ya ku Nkhotakota boma ili ndi mabokosi awiri okha:
kashembe, si kashembe.
A Chigwenembe amati zotsalazo n'zinyalala,
kutumula, pita kutsogolo, dzuwa silidikira.

Ine ndatulutsa galasi langa losweka m'mbali.

Mlomo wa singano palibe.
Kankhwangwa kaja ka m'phiko la kashembe palibe,
ndipo mapiko sakupingasa ngati sizasi.
Msana uli ndi kalinunda.
Maso ofiira psuu, tsabola wa kambuzi,
akumana pamwamba pa mutu osasiya njira.
Bukhu lija lopanda chikuto limati ameneyo ndi mwamuna.

Kenako miyendo yakumbuyo.
Ndapukuta galasi ndi malaya, ndayang'ananso.
Mapazi athyathyathya, otambalala,
ngati wina anawaphwanya ndi munsi
kenako n'kupepesa.

Ndakudziwa tsopano.
Ndiwe unakulira m'bowa, mphutsi ija
imene Esinala amadandaula nayo pong'amba utale,
ndipo abale ako ena ndi aja amavina mu utsi
anthu akamawotcha tchire.

Ndinali ndi zaka makumi awiri, pa bwalo la mpira,
mzere wa anyamata ofuna usilikali.
Ndinathamanga, ndinatsiriza wachitatu.
Sajeni anati, ponda m'madzi, ponda pa simenti.
Phazi langa linalemba lonse, lopanda mphako.
Sanandiyang'ane kumaso.
Anangoti, wotsatira.

Mapazi omwewo ayenda misampha khumi ndi iwiri tsiku lililonse,
zaka khumi ndi zinayi, m'matope a Bua,
kuti kaodzera asalowe m'nyumba za anthu
amene sadziwa n'komwe dzina langa.

Ndakakutumulira pa tsamba la msuku.
Kakhala duu. Kenako kayamba kuthamanga,
uku, uko, kuima, uku,
ngati munthu wotaya ndalama mumsika.
Sikakutsimphina ayi.

M'bokosi ndachonga si kashembe, poti n'zoona.
Kuseri kwa fomu, kumene a Chigwenembe satembenuzako,
ndajambula phazi limodzi
osalemba kuti ndi la yani.