Nyumba ya Matayala

Pa Kamwendo, kuseri kwa chigayo cha a Mlongoti,
ndinaipeza itamira m'tsekera,
mphuno italoza ku Chipata, mbuyo kwathu.
Akuti anabwera nayo okalamba awiri a kutsidya kwa nyanja,
inawoloka pa Mwami, kufika pano n'kunyanyala,
iwo n'kuisiya pa mtengo wa ng'ombe zitatu, nakwera basi.

"Si galimoto iyi," a Mlongoti akutero, akuisisita nthiti,
"ndi nyumba yopanda landilodi."

Ine ndimagula soya ndi mtedza.
Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti msana wanga umaloweza
simenti ya makonde a ku Mkanda, Kapiri, Waliranji,
sikelo kumutu, ndalama m'sokosi,
diso limodzi likulondera matumba.
Choncho mawu akuti bedi amandilowa osaodira.

Ndinakwera. Fungo la nkhuku ndilo linandilonjera.
Bedi lilipo, lopinda, masana limadzitcha tebulo.
Mbaula ya gasi ya maso awiri, limodzi lakhungu.
Sinki yosaposa chipewa changa;
mpopi nditaupotokola unatsokomola dzimbiri n'kukhala duu.
Pakona pali kachimbudzi, chitseko ngati cha kabati.
Ndani angadzithandize mkono umodzi kuchokera pa poto?
Ndinangoyeza ndi maso: mulowa matumba atatu.
Kudenga mvula ya zaka zinayi
inajambula mapu a dziko losadziwika.

Yotamu, mwana wa mlongo wanga, ali chagada kunsi,
panja patsala mapazi okha ndi mawu:
"Malume, chitsulo cha msana chikadali cholimba,
koma masipuling'i anagona kalekale.
Oyilo akudontha ngati denga la tchalitchi chathu.
Chiwongolero chili kumanzere,
popitirira lole mudzabwereka maso kwa yani?
Nanga sipeya? Mwina ku Joni. Mwina kumwamba."
Potuluka anandinong'oneza za mkuyu ndi nyerere zake.
Ndinati, mkuyu uwu ndi kunja komwe sukukoma,
ndiye sukundinamiza.

Batire yobwereka ku chigayo, anyamata asanu kumbuyo,
kankha, kankha, injini inalavula utsi wakuda,
kenako wotuwa,
kenako inayamba kung'ung'udza ngati munthu wodzutsidwa pa tulo tabwino.
Thadzi linabulika m'kabati, kusiya mazira asanu ndi awiri.
Mita ya makilomita sinagwedezeke;
inatopa kuwerenga ndisanakwatire.

Potseka kabatiyo ndi pomwe ndinaiona:
mizere ya pensulo kuseri kwa chitseko,
umodzi pamwamba pa unzake, zaka zitalembedwa pambali.
Mwana wina ankaimikidwa apa, chidendene kukhoma, kuyezedwa msinkhu.
Mzere wotsiriza ukundifika pachifuwa.
Tisungeni wanga ndinamusiya akundilekeza m'chiuno;
pobwerera ku misika ndimangouzidwa kuti diresi lija lachepa.

A Mlongoti anatchula mtengo, ndinaseka.
Ndinatchula wanga, anayang'ana kumwamba ngati wodikira mvula.
Ndinawakumbutsa matayala awiri osweka milomo,
mapepala a msonkho otsalira, dizilo amene idzamwe ngati ng'ombe ya m'chilimwe.
Iwo anandikumbutsa bedi.
Anali ataona momwe ndinakhalirapo.

Tinakumana pakati dzuwa litapendeka:
theka lero, theka soya akagulidwa ku Kanengo,
mazira ndi anga, thadzi ndi lawo.
Yotamu anapukusa mutu mpaka pa siteji.

Usiku umenewo sinasunthe ngakhale phazi limodzi.
Mphepo ya Juni inazungulira kufuna polowera,
inapeza pa zenera la kumbuyo, ndinatsekapo ndi thumba.
Ndinavula nsapato. Ndinavulanso sokosi.
Sikelo ndinaiika pansi pa tebulo ngati mlendo wamba,
maso onse awiri n'kuwapatsa tchuthi.

M'mawa, ndisanafunse za matayala,
ndinapita pa okala ya mayi Nasiwelo
kukagula pensulo.