Kuseri kwa Chitseko, ku Manchester

Tanyamuka ku Bradford kusanache,
ine, Ndaziona, ndi lipenga lake
m'bokosi lakuda lonyotsoka m'makona.
M'sitima sanalankhule.
Zala zitatu zimangodinadina pabondo,
kuimba nyimbo imene ndimaimva iye yekha akafuna.

Ine ndimayendetsa basi.
Zaka khumi ndi zinayi msewu womwewo.
Ndikudziwa pali dzenje, ndikudziwa pokwerera mayi wa kagalu kotsimphina,
ndikudziwanso tsiku limene malipiro amalowa.
Ndinkamufunira ntchito yotero, yodziwika tsiku lake:
zamankhwala, zamano, ngakhale kuwerengera eni ndalama zawo.
Iye akuti lipenga.

Patebulo kunyumba pali timabuku titatu tonyezimira.
Ka ku London ndinakavundikira nditangoona mtengo wa chipinda,
lendi ya mwezi umodzi ingandithyole mawondo onse awiri.
Ka ku Glasgow kali ndi mphunzitsi amene amamutchula ngati malume ake,
koma n'kutali, ndipo mwanayu chifuwa chimamuvuta kukazizira.
Kachitatu ndi kamene katikhazika pano,
m'khonde lonunkhira polishi ndi mafuta a malipenga.

Amayi ake agona, usiku wonse amatembenuza okalamba.
Anangoti, "Mukafunse, omaliza chaka chatha ali kuti?"
Ndafunsa. Mayi wa tsitsi lofiira sanandinamize:
awiri ali m'magulu akuluakulu, ambiri akuphunzitsa ana,
wina amaimba m'maukwati ndi m'maliro,
wina akugulitsa khofi pasiteshoni koma Lachisanu amaimbabe.
Ndayamba kuwonkhetsa ngongole kuseri kwa tikiti.
Tikiti yatha, manambala akadalipo.

Amuitana. Dzina alipotoza, iye sanawakonze.
Chitseko chatsekeka.

Bambo wina pambali panga, jekete lake mtengo wa galimoto yanga,
akuti wake anayamba ali ndi zaka zinayi.
Wanga anayambira lipenga lobwereka kutchalitchi,
kuphunzirira m'bafa, atalitseka kukamwa ndi sokosi
kuopa a Pickersgill a khomo linalo
amene ankagogoda khoma ndi ndodo.
Mwezi watha, mwana atadwala, a Pickersgill omwewo
anandiimitsa pageti kufunsa chifukwa chake kuli zii.

Kenako ndamva.
Thabwa n'lochindikala koma ndamuzindikira,
monga umazindikirira chifuwa cha mwana wako m'chipatala chodzaza.
Wakwera, wakwerabe,
pamwamba penipeni liwu lang'aluka pang'ono,
phazi langa lafunafuna buleki pansi pa mpando.
Iye sanaime. Wakoka mpweya, wadutsa,
wakhota mosatekeseka ngati munthu wodziwa msewu wake.

Timadontho takuda tapapepala tija sinditha kuwerenga.
Sindidziwa ngati lipenga limalipira gasi mu Januwale.
Bambo anga ankafuna ndikhale ku Kasungu ndizilima fodya,
ndinawamvera mpaka padepoti basi.

Watuluka, milomo ili ndi kamphete kofiira,
akukhutula malovu m'chitsulo.
"Ndaphonya pamodzi," akutero.
"Ndamva," ndikuyankha.

Panja mvula ya kuno, yosadziwa nyengo.
Tagula tchipisi, tikudya choimirira pakhonde la sitolo yotseka.
Akuti a ku Glasgow amuitana sabata yamawa,
akunena motsitsa mawu, poti sitima yake n'njodula.
Ndatulutsa foni, ndikuyang'ana mashifiti:
Loweruka pali ovataimu, Lamulungu aliponso.
Sindinanene kuti inde.
Ndangomulanda bokosi lija kuti adye ndi manja awiri,
ndipo ndadabwa kupepuka kwake.