Makina Osokera Mumlengalenga

Zaka makumi atatu pakhonde la sitolo pa Kamwendo
phazi langa lakhala likugwedeza chopondera,
zala pansi, chidendene pansi,
mayunifolomu a ana asukulu, mabulauzi oyera a amayi a Mvano,
zigamba za pamatako a anyamata a kabaza.
Ndege ndimangoiona ikulemba mzere wa choko
kulowera cha ku Chipata.

Tsopano Sungeni watumiza tikiti.
Akuti mdzukulu wabadwa kutsidya kwa nyanja zamchere,
akuti maola khumi ndi anayi, ababa, muli pampando.
Ndinaseka.
Kukhala ndiye ntchito yangatu.

Sanaseke a Nankhoma, anamwino a pa Boma,
atabwera kudzatenga siketi yomwe ndinaibweza m'chiuno.
Anandigwira katumba ngati akugula mbuzi.
"Inu mumakhala, a Nyendwa, koma mwendo wanu sukhala.
Katumbayu ndi mjigo.
Akamafinya, magazi amakwera kubwerera kumtima.
Akangoti zii, magazi amadikha ngati chithaphwi,
kenako amaundana,
ndipo kam'bulu kakathothoka
kamakatseka njira m'mapapo."

Ndinamva.
Ulusi ukamanga mfundo kunsi kwa nsalu
pamwamba msoko umaoneka bwinobwino.

Ndinakumbuka Msanyama wogulitsa mafoni
atabwera kooda katundu kutali kuja,
mwendo umodzi wokha utatupa ngati mtondo,
wotentha, wowawa, nsapato itakana.
Ena anati waponda mankhwala pakhomo pa shopu.
Anamutema mphini masiku atatu
mpaka mpweya unayamba kumuthawa.
Chinamupulumutsa si lumo ayi,
ndi njinga yamoto imene inamuthamangitsira kuchipatala usiku.

Ndiye ndadzisokera buluku lotaya,
lopanda lamba wondidula pamimba.
Masokosi othina aja, ofika m'maondo,
andipezera ku Lilongwe atandiyeza mwendo ndi tepi yanga yomwe.
Kuvala kwake ngati kulonga thonje m'thumba lodzaza kale.
Mpando, Sungeni wasankha wa m'mbali mwa kanjira,
mitambo ndidzaionera paphewa la mnzanga.

"Madzi muzimwa," anatero, "mowa ausiye.
Chikhodzodzo chikakudzutsani, chithokozeni.
Ola likatha, awiri akatha, nyamukani,
yendani mpaka kumchira kwa ndege ngati mukufuna wangongole.
Miyendo osapingasa.
Mapiritsi ogonetsa asiyeni kuno.
Ndipo mukakafika, ngakhale patapita sabata,
mwendo ukatupa, chifuwa chikabaya,
musakadikire kuche."

Usiku uno magetsi azima.
Makina ndawapaka mafuta, ndawafunditsa chitenje,
kiyi ndasiyira mphwanga.
Ndakhala pampando wopanda kanthu kutsogolo,
ndikuyeserera mumdima,
zala pansi, chidendene pansi,
kuzunguza kakolo kumanja, kumanzere.
Mkazi wanga akufunsa kuchipinda ngati mutu ukuyenda bwino.

Mawa, pamwamba pa mitambo,
mlendo wokhala pambali panga adzayang'ana pansi
n'kuona nkhalamba ikupalasa makina osaoneka.
Akadzafunsa ndi maso, ndidzangomwetulira.
Sadzadziwa kuti ndikusoka kadiresi kachikasu,
kamanja aafupi, mabatani atatu kumsana,
ka mwana yemwe muyeso wake sindinautenge.