Mkono wa Kumanja wa Bambo Luhanga

Mikono iwiriyi inabadwa tsiku limodzi,
koma wakumanja unakalamba wokha,
kusiya mnzake akadali mnyamata.

Zaka makumi awiri ndi zisanu
bambo anga ali pa chiwongolero cha minibasi,
chigongono pa windo.
Popita ku Karonga m'mawa, dzuwa kumanja;
pobwerera masana, kumanjanso,
ngati munthu wangongole wodziwa njira zako zonse.

Ankati, "La kuno ku Mzuzu lilibe mano,
limagona m'nkhungu ya Kaning'ina mpaka teni koloko."
Osadziwa kuti kuli kuwala kwina kobowola mtambo,
kosaoneka, kosatentha n'komwe,
njenjete ya m'sutikesi.

Lachiwiri ku chipatala chachikulu
mayi Nyakanyasko, oona za khungu,
anatsina wakumanzere: khungu linabwerera pompo.
Anatsina wakumanja: linatsala chiimire,
kachulu kakang'ono,
kuganiza kaye ngati n'koyenera kubwerera.

Anati, "Pansi apa pali oluka ulusi.
Amadikira uthenga woti lukani, pang'ambika.
Uthengawo ukubwerabe,
koma dzuwa la zaka zonsezi lawagonthetsa makutu,
ladzutsanso timalumo
todula ulusi umene analuka kale."

Bambo anaseka.
"Ndiye kuti kondakitala akumenya denga,
ine osamva, n'kupitirira siteji?"
Mayi aja anangogwedeza mutu.
Maso awo anali pa kabanga kokhakhala
m'mphepete mwa lamba wa wotchi.
Anakayeza ndi rula,
nalemba tsiku lobweranso.

Usiku ku Chibavi magetsi atathima
ndinawapaka mafuta aja powala kandulo.
Chala changa chinayenda m'makwinya:
apa Ekwendeni, apa Phwezi,
apa makona a Chiweta
pomwe mabuleki ananunkha chaka chija
iwo n'kufika kunyumba osayankhula.
Fizi yanga yonse ya ku sekondale
inalembedwa pamenepa,
popanda risiti.

Anati, "Usalire, Zgawa, ndi chikopa chabe."
Kenaka anabisa mkonowo pansi pa tebulo.

M'mawa ndinasankha pa kaunjika
malaya a manja aatali, abuluu, batani limodzi losiyana.
Anadandaula kuti akuoneka ngati mlaliki.
Anavala.

Ku depoti ndinaima pambali pa ogulitsa nthochi
minibasi ikutuluka m'chifunga.
Isanafike pa raundabauti
windo linatsika,
chigongono chinatuluka chokha monga mwa masiku onse,
chovala tsopano,
chikuloza kumpoto.