Zala Ziwiri pa Sabata

Chaka cha madzi aakulu, titagona masiku anayi pachulu,
ndinalumbira kuti madzi sadzalowanso m'nyumba mwanga.
Analowa.
Anabwera pangolo, mwaulemu, m'migolo isanu,
a Tchapo ali patsogolo ngati akuperekeza mkwatibwi.

Penshoni yonse ya kunzimbe inathera m'magalasi.
Thanki yaitali ngati bedi, pabalaza penipeni,
makakana asanu ndi atatu, timphende,
ndi dowe mmodzi wogona pansi ngati mlamu wosafuna ntchito.

Bangula mu Okutobala safuna womuthandiza kutentha.
Koma ife tinatseka mawindo, kuopa fumbi ndi udzudzu,
ndipo nyumba inayamba thukuta.
Mchere unalira m'botolo.
Machesi ankangonyenyeka mitu osayaka.
Chitseko cha kuchipinda chinatupa, chikutsekuka ndi phewa.
Chithunzi cha ukwati wathu chinamera chuku,
kuyambira pa nsapato zawo mpaka pa velo yanga.
M'mawa malata ankadontha kunja kulibe mtambo.

Iwo ankalemba mzere pagalasi Lolemba lililonse.
Pofika Lamlungu madzi atsika zala ziwiri.
"Akupita kuti?" ankafunsa, akusuzumira pansi pa tebulo.
Ndinawagwira dzanja, ndinaliika pakhoma.
Kenako pachifuwa panga, pamene chifuwa chinkalira ngati mphaka.
"Ali umu," ndinatero.

Anabwera Jofirisi, mmisiri wa pa Chiromo,
pensulo kukhutu, mawu ochepa.
Anaima pakati pa balaza, nanunkhiza.
"Madzi alibe mlandu, mayi. Mpweya wanu ndi mkaidi."
Anagumula njerwa zitatu pamwamba, pafupi ndi denga,
zina ziwiri pansi, mbali ya kumthunzi wa nimu,
nakhomamo sefa kuti udzudzu uzingoonera panja.
Kafani kakang'ono anakaika chafutambuyo,
kuti kazilavulira kunja m'malo motipepesa ife.
Thanki anaivundikira ndi galasi, nasiya mpata wa chala,
"nazonso zipume."
Pomaliza anapachika kawotchi kosanena nthawi.
Muvi wake unali pa makumi asanu ndi atatu kudza zisanu.
"Ukatsika kufika makumi asanu ndi limodzi, mundiitane tidye nkhuku."

Unatenga masabata atatu.
Nkhuku inali yanga, osati ya a Tchapo.

Tsopano mchere ukutsika wokha m'ndiwo.
Chithunzi chija sichinachire,
velo idakali yobiriwira, ndangoizolowera.
Madzi akutsikabe, theka la chala,
koma akudziwa khomo lotulukira.

Dzulo magetsi anazima pakati pa usiku,
batire la sola litatha kale ndi mpira wa pa wailesi.
Kafani kanaima. Thovu la pampu linaleka.
A Tchapo ali mkonono.
Ndinadzipeza ndekha, ine mwini lumbiro lija,
ndikutsekula mawindo onse, ndikukankha chivundikiro,
ndikutunga madzi ndi kapu, ndikuwathira kuchokera pamwamba,
kutunga, kuthira, kutunga, kuthira,
udzudzu wa kudambo ukuchita phwando pa akakolo anga.

Dowe anadzuka pansi paja,
anakwera pang'onopang'ono, natulutsa mphuno,
nameza mpweya wa m'nyumba mwanga
kamodzi,
ngati munthu wolawa ndiwo za mnzake,
nabwerera osanena kanthu.

Sindinawauze a Tchapo.
M'mawa anaona zidzolo m'miyendo mwanga,
anayang'ana kapu ili pamwamba pa thanki,
nanyamuka kukandiphikira tiyi.