Thumba Lachitatu

Ndamasula chingwe nkhungu isanachoke paphiri la Ndirande.
Thumba lachitatu, lija a Mdoka andipatsa pangongole ku Limbe.
Pamwamba anayalapo wosalala,
wonunkhira dothi lozizira la ku Tsangano.
Nditapisa mkono mpaka m'chigongono
ndakumana naye amene anagona masiku pamtetete:
kachewere wovala khungu la papaya losapsa,
wina atatulutsa tinyanga m'maso
ngati akufunsa njira yobwerera kumunda.

Ndadula mmodzi, ndakhudzitsa lilime.
Kuwawa kwatsikira kukhosi nkuyamba kukanda.
Ndalavulira m'ngalande.

Fostino wa chiwaya choyandikana nane wafa nako kuseka.
Akuti mafuta otentha amakhululukira machimo onse.
Thira mchere, thira kambuzi, kabichi pamwamba,
wakabaza wanjala alibe nthawi yofunsa mtundu.
Akuti ukataya, lendi akulipirira ndani?

Sindinamuyankhe.
Iye kunalibe usiku uja wa mwezi wa Juni
pamene Esinala, mwana wa mlongo wanga,
anadya makombo a chiwaya changa chomwechi,
nkusanza mpaka mawu kutha,
m'mimba mukupotokola ngati wina akufinya chitenje chochapa.
Ndinamubereka ndine, minibasi zitaleka kuyenda.
Ku Gulupu, namwino wa maso atulo
anandiuza osakweza mawu:
kubiriwirako ndi belu chabe, chiphe chili kuseri kwake,
ndipo moto wanuwo sichiuopa.
Wobiriwira pang'ono, sendani mozama, kolowolani maso.
Wowawa asafike pakamwa pa munthu,
makamaka mwana.

Ndiye ndakhala pa chigubu, mpeni m'manja,
ndikuweruza mmodzimmodzi.
Uyu apita m'madzi.
Uyu ndamusenda mpaka watsala ngati dzira la njiwa.
Uyu ayi. Uyunso ayi.
Mulu wa ayi ukukula msanga kuposa unzake,
ndipo mutu wanga ukuwerenga makwacha
omwe sadzalowa m'thumba la thalauza.

Teni koloko ikakwana abwera a yunifolomu,
ndalama yachitsulo itatentha m'chikhatho,
kudzaloza ndi chala: amalume, muwonjezereko kamodzi.
Ndimawadziwa mayina.
Ena ndimadziwa ndi amayi awo omwe.

Foni yalira kawiri. A Mdoka.
Ngongole siibiriwira, siiphuka, siiwola,
imangokhala pakhomo ngati mlendo wosatsanzika.
Ndiwauza madzulo, ndipo tikangana.

Mulu uja ndakautaya kudzenje nkufotsera,
kuopa mbuzi za a Nasiyaya.
Koma atatu a tinyanga aja ndawasunga.
Kuseri kwa bafa kuli kadothi konyowa;
ndikawakwirira komweko, mozama,
kumdima komwe dzuwa silingawapeze.
Kaya ana awo adzabadwa opanda mkwiyo.

Mafuta ayamba kulira.
Lero chipisi chitha isanakwane thwelofu.