Chikope cha Kamera ya Bambo

Ndinakwera chikepe cha pa Cerro Alegre
kamera ya bambo ili m'thumba la buledi,
nditaikulunga m'juzi yawo
yomwe fungo la fodya likukanirirabe.

A Evaristo Quilodrán sanandifunse dzina.
Anaitsegula kumbuyo, muli mbee, mopanda filimu,
anailozetsa pa zenera
n'kutchera khutu ngati dokotala pa chifuwa cha mwana.
Anaika pa sekondi imodzi. Anadina.
Kachikope kanatseguka,
kanalira tsiii ngati nyenje yodwala,
kanaima pakati, kanayamba kaganiza,
ndiye n'kutseka.
"Sekondi iyi yatalika," anatero,
"munthu angamweremo khofi."

Kenaka kamakina kawo kodzipangira:
nyali kutsogolo, kadiso kamagetsi kumbuyo,
nambala zobiriwira zikuphethira pa kagalasi.
Liwiro lililonse kasanu,
pensulo kukhutu, pensulo papepala.
Polembedwa 60 makina anati 34.
Polembedwa 125 anati 70, kenaka 64, kenaka 71.
Pa 500 mkuluyo anangosekera m'mphuno.
Mafuta akale, akuti, amagwirana ngati uchi m'chisanu,
sipuling'i nayo imakalamba, imayamba kuyendera ndodo.
Mita ya kuwala anaiyesa pa khadi lotuwa,
singano inanjenjemera n'kugona pansi,
ikuti kunja kwada, dzuwa lili paliwombo.

"Yakhala ikumeza kuwala kopyola muyeso,
mwina zaka makumi atatu.
Zithunzi zake ziyenera kuti zinkatuluka zoyereratu."

Ndinafuna pokhala.

Chifukwa ine ndimadziwa kuti ubwana wanga unali wowala choncho.
Ine ndi Maritza pa masitepe otsikira ku doko,
madiresi athu akusungunuka m'dzuwa,
amayi akuyanika zovala pa denga, theka la nkhope lili mtambo,
nyanja kumbuyo kwawo yopanda malire ndi thambo.
Ndakhala ndikuuza ana anga
kuti dzuwa la Valparaíso linali lina masiku amenewo,
kuti lero kwachuluka utsi, nkhungu, kaya chiyani.
Kani linali dontho la mafuta ouma
pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo.

Bambo anga a Nibaldo, oyendetsa kireni,
osachedwapo ku ntchito ndi tsiku limodzi lomwe,
ankapotokola nambala mosamala, lilime lili panja,
n'kutikalipira kuti tisagwedezeke,
osadziwa kuti chikope chikuwanyozera,
chikutiyang'ana nthawi yotalikirapo
kuposa imene iwo anadzilola.

"Lachinayi ikhala itatha," anatero a Evaristo.
"Ndiitsuka, ndithira mafuta atsopano,
500 adzakhala 500, kapena chapomwepo.
Zinthu izi sizikhala ndendende ngakhale zili zatsopano."
Anayamba kulemba risiti,
ndipo ndinaona kuti dzanja lawonso limachedwa
pakati pa chilembo ndi chinzake.

Ndinawapempha aime kaye.
Ndinagula filimu imodzi ya m'kafiriji kawo
kamene amasungamonso tchizi ndi mankhwala a m'maso,
ndinapinda kapepala ka nambala kaja n'kuika m'juzi.
Iwo sanadabwe.
Anangoti, "Ngati mufuna zoona, tsekani kabowo pang'ono,
kuwala kuchepe ndi theka."
Sindinatseke.

Kunja kunali kotuwa ngati khadi lija.
Agalu atagona pa masitepe, kireni ina ikutsitsa bokosi lofiira,
mwana wanga Amaro akundidikira pakona,
manja m'matumba, wakwiya kuti ndachedwa.
Ndinamuuza kuti asagwedezeke.
Anafunsa chifukwa chake.
Ndinaika pa 125, ndikudziwa kuti ndi 70,
kapena 64, malinga ndi m'mene yadzukira,
ndinabanika mpweya monga ankachitira bambo,
ndinadina.

Lolemba ndidzaibweza kwa a Evaristo.
Zatsala zithunzi makumi atatu ndi zisanu,
ndipo Maritza sanayankhebe foni.